Mwana wa ku pulayimale, mawu ndi kalembedwe kake: mafunso amene makolo amafunsa

Ndaphunzitsa makalasi a ana aang'ono kwa zaka zambiri, ndipo mafunso ali m'munsimuwa ndi amene makolo akhala akundifunsa pa misonkhano ya kusukulu, kuchigayo, ngakhale kumaliro tikakhala pamphasa imodzi. Ena ndawayankha motalika chifukwa nkhani yake ndi yonona, ena mwachidule.

Mwana wanga ali Sitandade 3 koma akalemba zinthu zake sizimveka. Kodi vuto ndi aphunzitsi?

Nthawi zina inde, koma kawirikawiri vuto ndi kuchuluka kwa ana. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo mpaka lero zipinda ndi aphunzitsi sizinakwanirebe. Kalasi ya Sitandade 1 kapena 2 yokhala ndi ana opitirira 100 si yachilendo. Kuyambira mu 2016 Unduna wa Zamaphunziro unabweretsa ndondomeko ya kuwerenga ya dziko lonse ya Sitandade 1 mpaka 4, ndipo njira yake ndi yabwino: mwana amayamba ndi maliwu, kenako malembo, maphatikizo, mawu, n'kumalizira ziganizo. Koma mphunzitsi akaloza pabolodi ana 100 n'kuyankhira pamodzi kuti "ka, ke, ki, ko, ku", sangadziwe kuti ndani akuwerengadi ndipo ndani akungotsegula pakamwa motsatira anzake. Mwana akhoza kuyimba nawo maphatikizo teremu yonse osazindikira ngakhale limodzi.

Chimene kunyumba kuli, chomwe kusukulu kulibe, ndi khutu limodzi lomvetsera mwana mmodzi. Ntchito yanu ndi imeneyo basi.

Ndiyambe ndi chiyani, kumuphunzitsa mawu atsopano kapena kalembedwe?

Mawu. Mwana salemba mawu amene sanawamvepo, ndipo akawerenga mawu amene sakudziwa tanthauzo lake amangokhala ngati wailesi. Mawu amayamba kulowa kukhutu, amatulukira pakamwa, pensulo imabwera pomaliza.

Apa ndi pamene makolo ambiri amadzichepetsa mosayenera. Amaganiza kuti "mawu ambiri" ndiye Chingerezi cha m'buku. Koma tamverani mmene timayankhulira ndi ana masiku ano: "tenga chijachi", "ika apo", "panga choncho". Mneni mmodzi yekha, "kupanga", wameza anzake onse: kupanga nsima, kupanga mbale, kupanga tsitsi. Pamene Chichewa chili ndi mawu ake pa chilichonse. Thupi timasamba, nkhope m'mawa timasukusula, zovala timachapa, mbale timatsuka. Mtolo wa nkhuni timasenza, mwana timabereka kumbuyo kapena kumuyangata m'manja. Chimanga chisanakhale nsima chimadutsa pa kukolola, kutonola, kukonola, kupeta, kuviika, kuyanika ndi kugayitsa, ndipo panjirapo pamatuluka mphale, madeya, mgaiwa ndi ufa woyera. Poto timatereka, nsima timavundula ndi mthiko, timaomola ndi chipande, poto uja n'kuphula. M'mawu amenewa mulibe ngakhale amodzi ofuna kuti mugule buku.

Tsiku lina ndinaona agogo ena atakhala pakhonde ndi lichero la masamba ochokera kudimba, kamdzukulu kawo ka zaka zisanu ndi ziwiri kali pambali. Mwana anati, "Agogo, lero tidya masamba?" Agogo anayankha, "Masamba ati? Tchula." Anayamba kutola limodzilimodzi: uyu ndi bonongwe, ichi ndi chisoso, uyu ndi luni, wa maungu ndi mnkhwani, wa nyemba ndi khwanya, wa mbatata ndi kholowa, wa chinangwa ndi chigwada. Mwana akalakwa, agogo ankamupatsa tsambalo kuti anunkhize. Posadzula masambawo mpaka kutha, mwanayo anali ndi mayina asanu ndi awiri m'malo mwa liwu limodzi. Agogowo sanapondepo m'kalasi, koma phunziro limenelo ine sindikanaliphunzitsa bwino choncho ndi choko.

Choncho tchulani zinthu ndi mayina ake enieni. Mvula isamangokhala mvula: pali chizimalupsa, pali mvumbi, pali mawawa, pali matalala. Ndipo mwana akafunsa kuti "chimenecho n'chiyani", musamuthamangitse.

Ine sukulu ndinalekeza panjira, kuwerenga kumandivuta. Ndingathandize bwanji?

Gawo lalikulu la ntchitoyi ndi lapakamwa, ndiye ndi lanu. Nthano zamadzulo, zija zoyamba ndi "Padangotero" ana n'kuvomera "Tili tonse", zimapatsa mwana mawu komanso mchitidwe wa kulondoloza nkhani kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, umene adzaufune polemba chimangirizo. Mukatha kusimba, mawa lake muuzeni asimbe iyeyo kwa mng'ono wake. Ndagi nazo n'chimodzimodzi: mwana amene akuvutika kupeza kuti nyumba yopanda khomo ndi dzira akuphunzira kuti mawu amatha kunena china akutanthauza china.

Chachiwiri, muuzeni akuwerengereni. Ngakhale simukuona malembo, Chichewa mumachidziwa, ndipo akawerenga zosamveka mudzamva. Mungonena kuti, "Bwereza pamenepo, sizinamveke." Ana amakonda kwambiri kukhala iwo aphunzitsi. Za kuchonga zolemba, pemphani mkulu wake kapena mwana wa aneba wa Sitandade 7.

Maphatikizo ndiwaphunzitse bwanji kunyumba?

Ubwino wa Chichewa ndi wakuti chimalembedwa monga mmene chimamvekera. Malembo a liwu ndi asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse. Pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa limodzi mwa asanuwa. Mwana akagwira chinsinsi chimenechi akhoza kulemba mawu amene sanawaonepo.

Yambani ndi manja. Tchulani mawu, mwana awombe m'manja pa phatikizo lililonse: u-fa kawiri, chi-ma-nga katatu, ga-li-mo-to kanayi. Akadziwa kuti mawuwo ali ndi zidutswa zingati, sadumpha china polemba, chifukwa kulakwitsa kofala kwa oyamba kumene n'kumeza phatikizo lapakati, "galito" m'malo mwa galimoto.

Kenako tolani zitsekerero za mabotolo kapena dulani katoni ya sopo m'tizidutswa, pa chilichonse mulembepo phatikizo limodzi: ma, la, ka, mu, tu, si, ku, lo, lu, lu. Zitayeni pamphasa, mwana apange mawu ochuluka mmene angathere: malo, kalulu akapeza "lu" awiri, mutu, kusi... apo ayime, aone kuti "kusi" sakutanthauza kanthu, asakesake china. Akapanga mawu opanda tanthauzo musamudzudzule, mufunseni ngati anawamvapo. Ngati mulibe katoni, pabwalo pali dothi ndi kamtengo, pakhoma la khitchini pali khala. Dothi lili ndi ubwino umodzi woposa kope: mwana akalakwitsa amafufuta ndi phazi, palibe chotsalira chomuchititsa manyazi.

Osavuta akatha, kwerani pang'onopang'ono: mba, nda, nga, kenako kwa, bwe, mya, kenako olemera monga nkhwa, mphwa, ntche, nthyo. Mawu ngati nkhwangwa ndi mphwayi asungireni kumapeto.

Ndi zolakwa ziti za Chichewa zimene ndiziyang'anira?

Zilipo zisanu zimene ndimakumana nazo chaka ndi chaka, ndipo akuluakulu ambiri nawonso zimawakola.

Yoyamba ndi h wa mpweya. Mwana amalemba "pala" akutanthauza phala, "kama" akutanthauza khama. Njira imene imagwira ntchito nthawi zonse ndi iyi: ayike chikhatho patsogolo pa pakamwa, atchule "kama" kenako "khama". Pa mawu achiwiriwo amva kamphepo kakumuwomba m'dzanja. Muuzeni kuti kamphepo kameneko ndiye h. Ena timagwiritsa ntchito kapepala kopyapyala, kamagwedera pa "phala" koma pa "pala" kamangokhala phee. Ana amaseka, ndipo saiwala. Pali masewera ena okoma apa: h uja amathawa zinthu zikachuluka. Phiri, mapiri. Khasu, makasu. Thumba, matumba. Khutu, makutu. Khoswe, makoswe. Inu tchulani chimodzi, iye atchule ndi kulemba zambiri. Komanso n akatsogolera k kapena t, h amabwera: nkhuku, nkhani, nthochi, nthawi. Mawu obwereka monga banki, komanso kachidutswa ka "nka" ka m'mneni monga ankapita, satsata zimenezi.

Yachiwiri ndi ng ndi ng'. Kachizindikiro kapamwambako ana amakaona ngati kadothi kogwera pakope. Apatseni mawu awiri: ng'oma yoyimba ndi ngoma nyama ya m'tchire. Kenako ng'ombe, ng'ona, pang'ono, mng'ono mbali imodzi, ngozi, nguluwe, ngongole mbali ina.

Yachitatu ndi l ndi r. Pakamwa pa Mchewa awiriwa ndi liwu limodzi, ndiye khutu silithandiza, pamafunika lamulo. Malamulo a kalembedwe amati r amabwera pambuyo pa i kapena e: mbiri, njira, mpira, kuwerenga, therere, kulembera, kuphikira. Kwina konse ndi l: lero, malo, sukulu, mlimi. Koma l woyamba tsinde la mawu sasintha ngakhale kutsogolo kwake kubwere i, n'chifukwa chake timalemba ndili, zilipo, chilimwe, chilango. Mwana wochenjera adzakufunsani za Lilongwe ndi Karonga. Muuzeni kuti mayina a malo ndi a anthu ali ndi ufulu wawo.

Yachinayi ndi m'. Mbale ndi yodyeramo, m'bale ndi wobadwa naye. M'nyumba, m'madzi, m'thumba: kachizindikiroko kakuyimira u wa "mu" amene wagwa.

Yachisanu ndi ch, tch ndi ntch: chala, tchire, ntchito. Mayina a maboma a Ntcheu ndi Ntchisi amathandiza kukumbukira. Pamwamba pa zisanuzi pali kulekanitsa mawu, mwana kulemba "ndi ku pita" kapena kumata chiganizo chonse ngati sitima. Mneni ndi tizidutswa take tonse ndi liwu limodzi: ndikupita, sanabwere, tidzakuonani. Pa zoti "ku", "pa" ndi "mu" amatidwe kapena atalikirane ndi dzina, olemba amasiyana, ndiye tsatirani mmene buku la kusukulu la mwanayo lalembera, popeza mayeso adzachokera m'menemo.

Musazitenge zonse pamodzi. Sabata imodzi, vuto limodzi.

Mwana akuti Baibulo la kunyumba likulemba mosiyana ndi buku la kusukulu. Cholondola n'chiti?

Zonse, koma pa nthawi yake. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, kale kwambiri malamulo a lero asanakhazikitsidwe, ndipo m'makope ake akale mupeza "cifukwa", "nchito", "mabvuto" ndi "mau". Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973 n'kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Masiku ano ntchito yoyang'anira ziyankhulo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba. Kuchokera m'malamulo amenewo ndi mmene tinayambira kulemba chifukwa, ntchito ndi mavuto. Lembo la ŵ, lija la kadenga pamwamba, mulipezanso m'mabuku ena, pamene ambiri lero amangolemba w.

Ku Zambia nako Chinyanja amalemba "cimanga" ndi "cinthu", c yekha wopanda h. Ngati mwana amaphunzira ku Chipata, cholondola n'chimenecho. Ngati amaphunzira ku Mchinji, alembe ch. Musamuletse kuwerenga Baibulo lakalelo. Ndipotu kumuuza kuti asake mawu asanu olembedwa mwachikale n'kuwalemba mwa lero ndi phunziro labwino kwa wa Sitandade 5.

Lembetso ndizimupatsa kangati, mawu angati?

Kawiri kapena katatu pa sabata, mawu asanu kwa wa Sitandade 1 ndi 2, osapitirira khumi kwa wamkulupo. Tchulani liwulo, liyikeni m'chiganizo, mulitchulenso. Mawu achokere m'buku lake kapena m'zimene walakwitsa m'kope sabata imeneyo. Akamaliza, mupatseni bukulo adzichonge yekha; diso limene lapeza lokha cholakwa limakumbukira kuposa limene laonetsedwa.

Koma lembetso labwino kwambiri ndi limene mwana sakudziwa kuti ndi lembetso. Mukamutuma kugolosale, alembe yekha pakapepala: mchere, sopo, machesi, mafuta, matemba. Wogulitsa akalephera kuwerenga, mwana amabwera atadziwa yekha chifukwa chake kalembedwe kali kofunika. Alembe mayina a obwera ku chinkhoswe, alembe pa matumba a mbewu kuti umu ndi mtedza, umu ndi nandolo, alembe kakalata kopita kwa azakhali ake.

Zolembetsa mawu amodzi ka 50 monga chilango ndimazikana. Dzanja limalemba, mutu uli ku mpira.

Nanga Chingerezi? Chichewa amalemba bwino koma Chingerezi ndiye chisokonezo.

N'zosadabwitsa, ndipo si umbuli wa mwana. Iye waphunzira kuti mawu amalembedwa mmene amamvekera, ndiye akulemba "skulu", "wota", "naifi". Akutsata lamulo limene mwamuphunzitsa, koma Chingerezi sichilitsata. Chili ndi malembo 26 onyamula maliwu pafupifupi 44. Mu "knife" k satchulidwa, mu "write" w satchulidwa, ndipo "though", "through" ndi "enough" amafanana kumapeto koma aliyense amamveka mwamtundu wake. Muuzeni mwana poyera kuti chiyankhulo ichi n'chachinyengo pang'ono, asamadzione ngati wopusa.

Pali malo atatu amene ana athu amapunthwa. Amawonjezera lembo la liwu kumapeto kapena pakati, popeza pa Chichewa mawu sathera pa lembo lopanda liwu. Amasokoneza l ndi r, ndipo uku kulibe lamulo la i ndi e lowapulumutsa: "play" ndi "pray", "glass" ndi "grass" ndi mawu osiyana. Ndiye pali maliwu amene ife timawamva ngati amodzi, "ship" ndi "sheep", "full" ndi "fool", "hat" ndi "hut".

Chothandiza ndi kuphunzira mawu m'mabanja. "Cat, hat, mat, rat" tsiku limodzi. "Night, light, right, fight" tsiku lina. Mwana akadziwa mmodzi wa m'banjamo, abale ake amabwera okha. Mawu osamvera lamulo, monga "said", "one", "because", "people", amafuna diso: ayang'ane liwulo, alitchule, aliphimbe ndi dzanja, alilembe, kenako avundukule n'kuyerekeza. Atatu pa tsiku akwana.

Masewera amene ana anga ankawakonda ndi osaka mawu obwereka. Inu mukuti buku, iye apeze "book"; supuni, "spoon"; tebulo, "table"; sopo, "soap". Amaona yekha zimene Chichewa chinawonjezera ndi zimene ayenera kuchotsa. Tsiku lina adzakufunsani Chingerezi cha nsapato ndi kalata n'kupeza kuti sizikufanana. Amenewo tinabwereka kwa Apwitikizi.

Chifukwa chodera nkhawa chilipo ndithu. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 nawo, kupatula pepala la Chichewa, ndi a m'Chingerezi. Mwana wofika Sitandade 5 ndi mawu ochepa a Chingerezi amalephera sayansi osati chifukwa sayansi yamukanika, koma funso sanalimve.

Ndiye tisiye Chichewa pakhomo, tiziyankhula Chingerezi chokhachokha?

Ayi. Ndikudziwa kuti m'matauni muno ena amanyadira kuti mwana wawo "samva Chichewa", ndipo sukulu zina zolipira zimalanga ana oyankhula chiyankhulo chawo. Ine ndaona zotsatira zake: makolo amene Chingerezi chawo n'chongokwanira kulamula amatha tsiku lonse akuuza mwana "come here", "stop that", "go and bath", ndipo nthano, nthabwala, mafunso ndi kufotokoza zonse zimafa. Mwana amakula ndi Chingerezi chowonda ndi Chichewa chowonda.

Luso la kuwerenga limaphunziridwa kamodzi. Mwana amene wadziwa pa Chichewa kuti malembo amayimira maliwu, kuti nkhani ili ndi mutu ndi mchira, amasamuka nalo luso limenelo kupita ku Chingerezi. Yankhulani naye chiyankhulo chimene inu mumatha kuseka nacho ndi kufotokoza nacho zakuya. Chingerezi chipatseni nthawi yakeyake, ya buku ndi ya masewera.

Kwathu timayankhula Chitumbuka (ena Chiyao, Chisena, Chilomwe, Chitonga). Mwana sasokonezeka?

Amasakaniza poyamba, kenako amalekanitsa yekha. Pitirizani chiyankhulo chanu. Kumene mungamuthandize ndi pa mawu a Chichewa a m'buku amene pakhomo samveka: muwerengere limodzi, mumuuze kuti kwathu timati chakuti. Maphatikizo a ziyankhulo zathuzi amamangidwa mofanana, ndiye masewera a zitsekerero aja amagwira ntchito pa zonse.

Mabuku tilibe, ndipo ndi odula. Awerenge chiyani?

Choyamba funsani kusukulu ngati mwana angabwereke buku lake la Chichewa kapena la Chingerezi, aja okonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Aphunzitsi ena amawatsekera m'kabati poopa kung'ambika, koma kholo likapita lokha n'kulonjeza kulikutira ndi pepala la pulasitiki, ambiri amalola. Amene muli pafupi ndi nthambi ya National Library Service, monga ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, kalembetseni mwana. Kuli mbali ya mabuku a ana imene makolo ambiri sadziwa n'komwe kuti iliko. Masamba a Chichewa a m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, monga Tamvani ndi Tikambe, ndi abwino kwa wa Sitandade 4 kupita m'tsogolo, bola muyambe mwaona inu nkhaniyo, popeza zina si za ana.

Kupatula apo, malembo ali ponseponse: pa paketi ya shuga, pa thumba la feteleza, pa buku la nyimbo la kutchalitchi, pa khadi la kusikelo, kumbuyo kwa minibasi. Zikwangwani za m'misika ndiye mgodi, chifukwa zambiri zili ndi zolakwa. Mwana amene wagwira cholakwa cha munthu wamkulu pa chikwangwani cha saluni amayenda monyada tsiku lonse.

Ndipo mukhoza kupanga buku. Mwana asimbe nkhani, mkulu wake alembe, iye ajambule zithunzi, musoke mapepalawo ndi ulusi. Buku limene mwana ali mwini nkhani amaliwerenga mpaka kuthothoka.

Foni ndi TV zimathandiza kapena zimawononga?

Zimatengera amene wakhala pambali pake. Makatuni a Chingerezi amapatsa mwana katchulidwe ndi mawu ena, koma ngati palibe womufunsa kuti "wamva chiyani, tandiuza m'Chichewa", ambiri amangodutsa. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi kalembedwe kathu ka pa WhatsApp. Mwana akatenga foni ya mayi ake amapeza "zkm kwmbr", "ndkbwr", malembo a liwu onse atadyedwa, ndipo amaona kuti akuluakulu amalemba choncho. Simungasinthe gulu lonse la mpingo, koma mukamutuma kulemba uthenga kwa atate ake kapena kwa amalume, alembe mawu athunthu, muone musanatumize.

Nthawi yokwanira ndi yotani? Wanga akaona kope amayamba kulira.

Mphindi 15 kapena 20 tsiku lililonse zimaposa maola awiri Lamlungu madzulo. Sankhani nthawi imene wadya ndipo kukuwala, osati atangofika kuchokera kusukulu ndi njala, osatinso usiku pa kandulo maso akulemera.

Akalira, ndiye kuti kope lakhala bwalo la milandu. Siyani kope sabata yathunthu, muchite zapakamwa ndi zapadothi zokha. Ndipo chikwapu chichoke pa nkhani imeneyi. Mwana wamantha amasiya kuyesa, amalemba mawu okhawo amene akudziwa kuti salakwa, ndiye mawu ake sachuluka. Akalemba chiganizo chokhala ndi zolakwa zisanu ndi chimodzi, yambani mwayankha zimene wanenazo, kenako musankhe cholakwa chimodzi chokha.

Amatembenuza b ndi d, ndipo zimene waphunzira lero mawa waiwala. Ndide nkhawa?

Kutembenuza b ndi d, kapena p ndi q, n'kofala mu Sitandade 1 ndi 2 ndipo kumatha kokha. Muthandizeni ndi manja: akunge zibakera ziwiri zala zazikulu zili m'mwamba, lamanzere ndi b, lamanja ndi d.

Zikapitirira mpaka Sitandade 3 kapena 4 ngakhale mukumuthandiza tsiku ndi tsiku, yambani ndi maso ndi makutu. Apa ndili ndi mlandu wanga. Chaka china ndinali ndi mnyamata wokhala kumbuyo kwa kalasi amene lembetso lililonse ankapeza ziro. Ndinamutcha waulesi, ndinamukhazika panja kangapo. Teremu yachitatu mayi ake anabwera kudzapepesa kuti wajomba, anali naye kuchipatala chifukwa khutu limatuluka mafinya kuyambira ali wamng'ono. Mwanayo sankamva zimene ndinkatchula, ankangoona milomo yanga ili patali. Nditamukhazika kutsogolo, mbali ya khutu labwinolo, pasanathe mwezi anayamba kupeza atatu, anayi pa asanu. Materemu awiri ndinali nditamulanga chifukwa cha khutu.

Maso ndi makutu zikakhala bwino, dziwani kuti alipo ana anzeru zawo bwinobwino, ochenjera pakamwa ndi pa masamu, amene ubongo wawo umavutika kulumikiza malembo ndi maliwu. Si ulesi, si kulodzedwa. Amafuna kubwereza kochuluka, pang'onopang'ono, ndi njira zogwira ndi manja monga kuumba malembo ndi dongo. Kambiranani ndi aphunzitsi ake ndi ahedi, mufunse ngati m'dera lanu muli mphunzitsi wa ana ofuna thandizo lapadera. Aphunzitsi otere amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo ena amayendera sukulu zingapo.

Ndigule mtanthauziramawu?

Kwa wa Sitandade 5 kupita m'tsogolo, ngati ndalama ilipo, inde, ndipo mumuonetse kasakidwe kake motsata alifabeti. Kwa wamng'ono, kope la masamba 40 likwana: tsamba lililonse lembo lake, liwu latsopano alilembe pamalo pake ndi kachithunzi kapena kachiganizo.

Tili kunja, ku Johannesburg kapena ku Britain. Mwana amamva Chichewa koma sayankhula, kulemba ndiye ayi. Tichite bwanji?

Chingerezi musachidere nkhawa, sukulu ndi anzake amupatsa chokwanira. Chichewa ndiye chilibe wina wochisamala koma inu. Poti kuwerenga akudziwa kale, kalembedwe ka Chichewa amakagwira m'masabata ochepa: muonetseni kuti a, e, i, o, u satembenuka ngati a Chingerezi, muonetseni ng' ndi h wa mpweya, basi akhoza kuwerenga chilichonse. Chovuta ndi mawu, popeza amangomva a kukhitchini ndi a kukalipira. Mupatseni munthu woti aziyankhula naye amene Chingerezi sachimva. Agogo akatumiza uthenga wa mawu pafoni, mwana aumvere kawiri, alembe mawu awiri amene sanawamve, akufunseni, kenako ayankhe yekha ndi pakamwa pake. Agogo adzaseka katchulidwe kake, ndiye muwachenjezeretu kuti aseke foni itadulidwa.